Sachar: Liwu la Chiheberi la Malonda ndi Malo Ake Pamaso pa Mulungu

Pamene Baibulo la Chichewa likunena kuti "malonda", m'Chiheberi simukhala liwu limodzi lokha. Alipo sachar, sechorah, rekullah, ma'arav, izzavon, mekher ndi ena. Ena amaloza katundu weniweniyo, ena phindu lotuluka m'katunduyo, ena ulendo umene wogulitsa amayenda. Pa onsewa, lofunika kwambiri pa nkhani ya chipembedzo ndi sachar, chifukwa ndi limene mneneri Yesaya analiika pamodzi ndi mawu olemekezeka kwambiri a m'Kachisi, akuti "chopatulika kwa Yehova". Kuti timvetse kulemera kwa zimenezi, tiyenera kudziwa kumene liwuli linachokera, mmene anthu ankagulitsirana zinthu masiku amenewo, ndi malire amene Chilamulo chinaika pa msika.

Zilembo zitatu za munthu woyendayenda

Mawu ambiri a Chiheberi amamera pa tsinde la zilembo zitatu. Tsinde la sachar ndi samekh, chet ndi resh. Chilembo chapakaticho sichitchulidwa ngati "ch" wa m'liwu lakuti chimanga, koma chimatuluka kukhosi, ngati "h" wokhakhala. Tanthauzo loyambirira la tsindeli ndi kuzungulira. Pa Masalimo 38:10, wodwala akamati mtima wake ukugunda kwambiri, liwu lake ndi secharchar, mtima wothamanga mozungulirazungulira. Pa Yeremiya 14:18 aneneri ndi ansembe akungoyendayenda m'dziko, ndipo mneni wake ndi wa tsinde lomweli.

Kuchokera pamenepo, socher ndi munthu amene amazungulira m'midzi ndi m'maiko ndi katundu, ndiye wamalonda. Sachar ndi malonda akewo pamodzi ndi phindu lake. Sechorah ndi katundu wogulitsidwayo, ndipo ngakhale kuti lero ku Israel limeneli ndi liwu la tsiku ndi tsiku m'masitolo, m'Baibulo limapezeka pa Ezekieli 27:15 pokha. N'chifukwa chake omasulira amasiyana pa Genesis 42:34, pamene Yosefe akulonjeza abale ake ufulu m'dziko la Igupto. Ena amati "mudzachita malonda m'dziko", ena amati "mudzayenda momasuka m'dziko". Onse awiri ali ndi poimira.

Pali cholakwika chimodzi chimene chimamveka kawirikawiri m'maulaliki. Chiheberi chili ndi liwu lina, sakhar, lotanthauza malipiro kapena mphotho ya ntchito, limene lili m'dzina la Isakara (Genesis 30:18). Kwa olankhula Chiheberi cha masiku ano mawu awiriwa amamveka pafupifupi chimodzimodzi, koma amalembedwa mosiyana: la malipiro ndi sin, kaf ndi resh. Amene amagwiritsa ntchito zilembo za Chilatini zokha amawasokoneza, n'kuyamba kuphunzitsa kuti "malonda" ndi "mphotho ya Mulungu" ndi liwu limodzi. Si choncho, ndipo chiphunzitso chomangidwa pamenepo chilibe maziko.

Rekullah lili ndi mbiri yosiyana. Limachokera kwa rokhel, wogulitsa tinthu woyenda khomo ndi khomo, makamaka wa zonunkhira. Mbale wake wa liwuli ndi rakhil, munthu wamiseche, amene Levitiko 19:16 ikuletsa. Rashi, mphunzitsi wa Chiyuda wa ku Troyes m'dziko la France (1040 mpaka 1105), anaona kale ubale umenewu: wina amanyamula katundu kuchoka nyumba iyi kupita nyumba iyo, winayo amanyamula mawu. Rekullah limapezeka kanayi kokha, konse m'buku la Ezekieli, ndipo konse likunena za mzinda wa Turo uli pa chiweruzo.

Lina lodabwitsa ndi kena'ani, kutanthauza Mkanani. Afoinike a m'mphepete mwa nyanja, a ku Turo ndi Sidoni, anagwira malonda mwamphamvu kotero kuti dzina la mtundu wawo linasanduka dzina la ntchito. Pa Miyambo 31:24, Hoseya 12:7 ndi Zefaniya 1:11, "Kanani" kapena "Mkanani" akutanthauza wamalonda. Izi zikusonyeza kuti Aisraeli akale, amene ambiri anali alimi ndi oweta ziweto, ankaona malonda akuluakulu ngati ntchito ya alendo.

Mwala, thumba ndi sikelo

Kwa nthawi yaitali ya Chipangano Chakale kunalibe ndalama zachitsulo zodindidwa. Zoyamba zinapangidwa ku Lydia, m'dziko limene lero ndi Turkey, m'zaka za m'ma 600 BC, ndipo ku Yuda zinayamba kufala mu ulamuliro wa Aperisi, pamene m'zaka za m'ma 300 BC kunatuluka tindalama tolembedwa kuti Yehud. Zisanafike zimenezi, siliva ankayenda ngati zidutswa: mphete zoduka, timapale, tizibenthu todulidwa ndi tchizulo. Ofukula zakale anapeza siliva wotereyu atasungidwa m'mitsuko ku Eshtemoa, ku Tel Dor ndi ku Ekron. Sekeli sinali ndalama yoti n'kuwerenga, unali muyeso wa kulemera, pafupifupi magalamu 11.4 pa miyala ya ku Yuda. Sekeli imodzi inali magera 20, beka inali theka la sekeli, pimu inali magawo awiri mwa atatu, ndipo talente inali masekeli 3,000, pafupifupi makilogalamu 34.

Kugula kunkayenda motere. Akamvana mtengo, wogulitsa ankatulutsa sikelo ya mbale ziwiri zolendewera pa kamtengo, n'kutenga mwala woyesera m'thumba lake lachikopa. Mwalawo unkaikidwa mbale imodzi, wogula n'kumathira siliva mbale inayo mpaka zitafanana. Abrahamu pogula phanga la Makipela anayesa masekeli 400, ndipo Genesis 23:16 ikuwonjezera kuti anali siliva "woyenda kwa socher", kutanthauza wovomerezeka ndi amalonda pa kulemera ndi pa ubwino wake. Pa muyeso wa ku Yuda amenewo ndi makilogalamu pafupifupi 4.5 a siliva. Yeremiya pogula munda ku Anatoti anayesa masekeli 17 pamaso pa mboni, nalemba makalata awiri, ina yomata ina yotsegula, n'kuwasunga mumtsuko wadothi (Yeremiya 32:9-14).

Pamenepa ndi pomwe pankalowera utambwali, chifukwa mwala ndi dengu zonse zinali za wogulitsa. Deuteronomo 25:13 ikunena mosapita m'mbali kuti usakhale ndi "mwala ndi mwala" m'thumba lako, waukulu ndi waung'ono. Wolemera unali wolandirira siliva, wopepuka unali woperekera. Amosi, amene analalikira ku Israeli wakumpoto cha m'ma 760 BC, anatchula njira zinayi pa 8:5-6: kuchepetsa efa, kukulitsa sekeli, kupotoza sikelo, ndi kugulitsa zosesa za tirigu ngati tirigu. Efa unali muyeso wa mbewu, ndipo ambiri amauyerekeza pafupi ndi malita 22, tinene kuti ndowa ija ya malita 20 imene timayesera chimanga, yomwe aliyense amadziwa chimene chimachitika ikaphwanyidwa pansi kuti ilowe m'kati.

Tiyeni tiwerengetse. Efa ikachepetsedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo mwala wa sekeli ukalemeretsedwa ndi gawo limodzi mwa 10, wogula amapereka 110 pamene anayenera kupereka 100, n'kulandira 90 pamene anayenera kulandira 100. Mtengo weniweni wa tirigu wakwera ndi 22 peresenti, koma pakamwa sunasinthe. Ndi maso wogula sangazindikire kalikonse. Ichi n'chifukwa chake Chilamulo sichinasiye nkhani ya sikelo m'manja mwa oweruza okha. Mlandu wopanda mboni ungaweruzidwe ndi Mulungu yekha. Levitiko 19:36 imamanga lamulo la sikelo ndi mawu akuti Ine ndine Yehova amene ndinakutulutsani ku Igupto, Deuteronomo 25:16 imatchula wonyenga pa muyeso kuti "chonyansa", liwu lomwelo logwiritsidwa ntchito pa mafano, ndipo Miyambo 16:11 imati miyala yonse ya m'thumba ndi ntchito ya Yehova.

Aphunzitsi a Chiyuda a pambuyo pake anasandutsa zimenezi malamulo ogwirika. Mishnah, nkhokwe ya malamulo awo imene inasonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD, imati wopikulitsa azipukuta zoyesera zake kamodzi pa masiku 30, mwini sitolo azipukuta zoyesera kawiri pa mlungu, miyala kamodzi pa mlungu, ndipo sikelo azipukuta akangoyesa chinthu (Bava Batra 5:10). Chifukwa chake n'chosavuta: mafuta ndi uchi zikaumira pansi pa choyesera, choyeseracho chimachepa, ndipo zikamatirira pa mwala, mwalawo umalemera. Munthu angabe osadziwa chifukwa cha uve chabe. Pa lamulo la Levitiko 25:14 loletsa kunyengana pogula ndi pogulitsa, iwo anaika malire pa gawo limodzi mwa magawo 6 a mtengo (Bava Metzia 4:3). Lamuloli limateteza mbali zonse ziwiri, wogula amene wakwezeredwa ndi wogulitsa amene wanyengedwa kuti atchipitse. Ndipo mu Talmud ya ku Babulo, mabuku otambasula Mishnah (Shabbat 31a), mphunzitsi wina dzina lake Rava akunena kuti munthu akafika pa chiweruzo, funso loyamba limakhala lakuti kodi anachita malonda mokhulupirika. La kuphunzira Chilamulo limabwera pambuyo.

Zimene sizilowa pa msika

Sikelo yolungama siyeretsa malonda aliwonse. Pali zinthu zimene Chilamulo chinazichotsa pa msika chifukwa mwini wake ndi Mulungu.

Choyamba ndi nthaka. Levitiko 25:23 imati dziko lisagulitsidwe mpaka kalekale, pakuti ndi la Yehova. Chimene munthu ankagula ndi zokolola za zaka zotsala kuti chifike Chaka Choliza Lipenga, chimene chinkabwera pa zaka 50. Zaka zikatsala zambiri mtengo unkakwera, zikatsala zochepa unkatsika (25:15-16). Naboti pokana kugulitsa munda wake wamphesa kwa Ahabu sankanenerera mtengo. Mfumu inamulonjeza munda wabwino koposa kapena siliva, koma cholowa cha makolo sichinali katundu.

Chachiwiri ndi munthu, ngakhale kuti apa tiyenera kunena chilungamo: Chilamulo chinalola kugula akapolo a mitundu ina (Levitiko 25:44-46). Chimene chinaletsa ndi kugulitsa Mwisraeli monga agulitsira kapolo, kuba munthu n'kumugulitsa, umene unali mlandu wa imfa (Deuteronomo 24:7), ndi kugulitsa mkazi wogwidwa kunkhondo amene mwamuna anamukwatira kenako n'kumusiya (21:14). Amidyani amene akutchulidwa pa nkhani ya Yosefe ndi socharim, ndipo mtengo wake unali masekeli 20, siliva wosafika kota ya kilogalamu, wofanana ndendende ndi mtengo umene Levitiko 27:5 imaika pa mnyamata wa zaka 5 mpaka 20.

Chachitatu ndi nthawi. Amalonda a Amosi ankasunga Sabata, koma mtima uli dyokodyoko kufunsa kuti litha liti kuti atsegule nkhokwe. Nehemiya, atabwereranso ku Yerusalemu pambuyo pa 433 BC, anapeza anthu a ku Turo akugulitsa nsomba ndi mekher wamitundumitundu pa Sabata. Sanangolalikira. Analamula kuti zipata zitsekedwe mdima ukamagwa Sabata lisanayambe, anaikapo anyamata ake, ndipo amalonda atagona kunja kwa linga kamodzi kapena kawiri, anawaopseza kuti awagwira ndi manja. Kenako ntchito yolondera anaipereka kwa Alevi (Nehemiya 13:15-22), kusonyeza kuti chipata cha msika anachiona ngati nkhani ya Kachisi.

Turo: mzinda umodzi, maulosi awiri

Palibe malo m'Baibulo pamene mawu a malonda achulukana ngati pa Ezekieli 27. Mneneri akujambula Turo, mzinda wa pachilumba m'gombe la Lebanon, ngati chombo chokongola chodzaza katundu, ndipo akuwerenga katunduyo ngati kalaliki wa padoko. Tarisi ankabweretsa siliva, chitsulo, tini ndi mtovu. Yavani, Tubala ndi Meseki ankabweretsa ziwiya zamkuwa ndi anthu. Betetogarima ankabweretsa akavalo ndi nyulu, a m'zilumba minyanga ya njovu ndi phingo, Damasiko vinyo wa ku Heliboni ndi ubweya, Arabiya ndi Kedara ana a nkhosa, nkhosa zamphongo ndi mbuzi, Seba ndi Raama zonunkhira, miyala yamtengo wapatali ndi golide. Yuda ndi Israeli nawonso ali pa mndandandawo, koma ndi zokolola za m'munda zokhazokha: tirigu wa ku Miniti, uchi, mafuta ndi mankhwala a utomoni. M'chaputala chimenechi mokha ndi mmene mumapezeka ma'arav, katundu wosinthanitsa, ndi izzavon, lochokera ku mneni wakuti kusiya, katundu amene wamalonda amasiya m'manja mwa wogula.

Onani kuti anthu alembedwa mzere umodzi ndi ziwiya zamkuwa, popanda mneneri kukweza mawu. Chiweruzo chikubwera pa chaputala 28. Vesi 5 ikuvomereza kuti chuma cha mfumu ya Turo chinabwera ndi nzeru pa rekullah, koma mtima unadzikuza. Vesi 16 ikuti kuchuluka kwa rekullah kunadzaza mzinda ndi chiwawa, ndipo vesi 18 ikuti kusalungama kwa rekullah kunadetsa malo opatulika. Mlandu si kugulitsa ayi. Mlandu ndi kudzikuza, chiwawa ndi chinyengo zimene zinakula limodzi ndi malondawo. Nebukadinezara anazinga Turo zaka 13, monga analembera Josephus, wolemba mbiri wa Chiyuda, kuyambira cha m'ma 586 BC, ndipo Ezekieli 29:18 ikuvomereza kuti asilikali ake sanapezepo malipiro. Amene anagonjetsa chilumbacho ndi Alexander mu 332 BC, atamanga msewu wa miyala kuchokera kumtunda.

Yesaya 23 ikulankhula za Turo yemweyo, ndipo poyamba mawu ake ndi owawa koposa. Mzindawo udzaiwalika zaka 70, kenako udzabwerera ku ntchito yake ngati hule loiwalika loyenda ndi zeze kuti likumbukiridwe. Ndiye vesi 18 ikutembenuza zonse: sachar wake ndi etnan wake zidzakhala zopatulika kwa Yehova. Etnan ndi malipiro a uhule, ndipo Deuteronomo 23:18 inaletsa mwachindunji kuwabweretsa m'nyumba ya Yehova. Pamene "chopatulika kwa Yehova" ndi mawu olembedwa pa kachitsulo kagolide ka pamphumi pa mkulu wa ansembe (Eksodo 28:36). Mneneri watenga ndalama yonyansa kwambiri n'kuiika dzina loyera kwambiri, ndipo wachita dala.

Ena amaiwerenga vesiyi ngati chilolezo chakuti ndalama iliyonse ikafika m'mbale ya chopereka yayera. Kuwerenga kumeneko kumadumpha theka la vesi. Lemba likupitiriza kuti chumacho sichidzasungidwa kapena kuunjikidwa, koma chidzakhala cha okhala pamaso pa Yehova, kuti adye mokhuta ndi kuvala zovala zabwino. Chimene chasintha si chakhumi chochotsedwa pamwamba pa mulu. Mulu womwewo watha. Turo ankadziwika ndi kuunjika, Zekariya 9:3 imati anakundika siliva ngati fumbi, ndipo Yesaya akuona sachar ikubwerera ku chikhalidwe cha tsinde lake, ikuzungulira mpaka kusanduka chakudya ndi zovala za anthu. Omasulira ena amaona chiyambi cha kukwaniritsidwa kwake pa Ezara 3:7, pamene anthu a ku Turo ndi Sidoni anatumiza mikungudza panyanja mpaka ku Yopa kuti amangire Kachisi wachiwiri, ngakhale kuti pamenepo analipidwa chakudya, zakumwa ndi mafuta.

Buku la Miyambo lilibe mkwiyo wa aneneri pa liwuli. Pa 3:14 sachar wa nzeru aposa sachar wa siliva, ndipo fanizo limeneli silikanagwira ntchito phindu la malonda likanakhala chinthu chonyansa. Mkazi wangwiro wa pa chaputala 31 ndi wamalonda weniweni. Akufanizidwa ndi zombo za socher, akugula munda n'kulimamo mphesa, akusoka nsalu zabafuta ndi malamba n'kugulitsa kwa kena'ani, ndipo vesi 18 ikuti "alawa" kuti sachar wake ndi wabwino. Mavesi awiri kutsogolo dzanja lake latambasukira wosauka. Mabanja ambiri a Chiyuda amaimba ndakatulo imeneyi Lachisanu madzulo, nthawi yomwe malonda onse aima chifukwa cha Sabata.

Msika wa pa Kachisi

Buku la Zekariya likutha ndi masomphenya ofanana ndi a Yesaya. Mawu akuti "chopatulika kwa Yehova" adzalembedwa pa mabelu a akavalo, mphika uliwonse mu Yerusalemu ndi Yuda udzakhala woyera, ndipo simudzakhalanso kena'ani m'nyumba ya Yehova (14:20-21). Omasulira a Chigiriki a Septuagint anasiya liwulo kuti Mkanani, pamene Targum, yomasulira Malemba m'Chiaramu, inati wochita malonda. Tanthauzo lachiwirili likugwirizana bwino ndi nkhani yake: mphika wa kunyumba ukakhala woyenera nsembe, palibenso chifukwa chogulira ziwiya zapadera pa Kachisi. Ambiri amamva vesi imeneyi kumbuyo kwa mawu a Yesu pa Yohane 2:16, akuti musayese nyumba ya Atate wanga nyumba ya malonda.

Komabe malonda a pa Kachisi sanayambe ngati umbava. Deuteronomo 14:24-26 inalola wochokera kutali kugulitsa chakhumi chake, kumanga siliva m'manja, n'kudzagula ng'ombe, nkhosa kapena vinyo pamalo opatulika. Munthu wa ku Galileya sakanakusa nkhosa ulendo wa masiku angapo n'kufika nayo yopanda chilema. Osintha ndalama nawonso anali ndi ntchito yovomerezeka. Msonkho wa theka la sekeli wa pa Eksodo 30:13 unkaperekedwa pa muyeso wa ndalama ya ku Turo, yolemera pafupifupi magalamu 14, imene siliva wake anali wabwino kuposa wa ndalama zina za m'deralo. Mishnah imati matebulo ankaikidwa m'madera pa 15 mwezi wa Adara, ndipo pa Kachisi pa 25 (Shekalim 1:3). Ndalamayo inali ndi mutu wa Melqart, mulungu wa Turo, mbali imodzi, ndi chiwombankhanga mbali inayo. Ansembe anasankha siliva wodalirika ngakhale anali ndi fano. Ndalama imodzi yotereyi inkakwanira anthu awiri, monga ija ya m'kamwa mwa nsomba pa Mateyu 17:27.

Povuta panali pa mitengo, makamaka ya nkhunda, imene inali nsembe ya osauka ndi ya amayi amene achira kumene (Levitiko 12:8). Wogula analibe kwina kopita ndipo sakanabwerera kwawo osapereka nsembe, choncho wogulitsa ankatchula mtengo umene wafuna. Mishnah (Keritot 1:7) imasimba kuti nthawi ina nkhunda ziwiri zinafika pa dinari yagolide, yofanana ndi madinari asiliva 25. Rabban Shimon ben Gamliel, mtsogoleri wa aphunzitsi a Chiyuda, analumbira kuti sagona usiku umenewo mtengo usanatsike. Sanapite kukakangana ndi ogulitsa. Analowa m'bwalo la milandu n'kugamula kuti mayi amene ali ndi ngongole ya nsembe zisanu za kubereka apereke imodzi yokha, ndipo aloledwe kudya zopatulika. Ofuna nkhunda atachepa, tsiku lomwelo mtengo unagwa kufika pansi pa dinari imodzi yasiliva.